KHOBIDI PA MTUMBIRA WA MLENDO

Mkangano wathu udayambira pa msewu. Usiku wina ndinali kuwerenga buku la mbiri ya dziko la Britain, ndipo ndidamuonetsa mapu a dera la Wiltshire mnzanga amene ndimakhala naye chipinda chimodzi, yemwe akuphunzira za malamulo. Pamapupo pali mzere wa msewu umene Aroma adalambula kuchokera ku Mildenhall kulinga ku Bath. Msewuwo ngwoongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba, koma ukafika pa chitunda china chotchedwa Silbury Hill umakhota pang'ono nkuchilambalala. Ine ndidati, "Taonani achimwene, ngakhale atsamunda adaopa manda." Iye adaseka nati, "Adaopa ntchito amenewo. Ndani angakumbe phiri njira yolambalala ilipo?" Kenaka adaponyapo mawu amene akundisowetsa mtendere mpaka lero. Adati, "Manda ndi a anthu olira. Olirawo akatha, chotsala ndi dothi basi."

Tsono funso limene ndabwera nalo kwa inu anzanga ndi ili: munthu wakufa amene dzina lake lidaiwalika, mtundu wake udatha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe womulira, kodi ife amoyo tili naye mangawa? Ndasankha kulifunsa kudzera mwa anthu akutali, a nthawi ya Aroma, poti iwo adakhala pakati pa mitumbira ya anthu amene sankawadziwa, ndipo zimene adachita nayo zidatsalira m'nthaka.

Pa za Silbury ndiyambe ndi kuvomera kuti mnzangayo adandigonjetsa. Chitundachi chidawunjikidwa ndi manja a anthu zaka pafupifupi 2,400 Khristu asanabadwe. Ankakumba choko ndi nyanga za nyama, ndipo msinkhu wake umapitirira mamita 30. Anthu a m'deralo ankasimba kuti m'katimo mudagona mfumu ina dzina lake Sil. M'chaka cha 1776 anthu a m'migodi adaboola dzenje kuchokera pamwamba mpaka pansi kufunafuna chuma cha mfumuyo. Mu 1849 ena adaboola ngalande cham'mbali, ndipo enanso adabwereza kuyambira 1968 mpaka 1970. Onsewa adabwerako chimanjamanja: mulibe mfumu, mulibe maliro. Motero ine ndinali kuteteza ulemu wa manda pamalo pamene sipadaikidwe munthu. Akatswiri amatinso oyeza msewu a Chiroma ankachigwiritsa ntchito chitundacho ngati chizindikiro choongolera mzere wao. Komabe mu 2007 kudalengezedwa kuti patsinde pake padali mudzi waukulu ndithu wa nthawi ya Aroma. Anthu adasankha kumanga nyumba zao mumthunzi wa chinthu chimene sadachimange.

Manda enieni ali chapafupi pomwepo, mtunda wosakwana mailosi imodzi. Pamenepo pali mtumbira wa West Kennet, wautali mamita pafupifupi 100, umene udamangidwa cha m'ma 3650 B.C. Kumutu kwake kuli tizipinda 5 ta miyala, ndipo m'menemo mudagonekedwa anthu osachepera 36, amuna, akazi ndi ana. Patapita zaka zoposa 1,000 tizipindato tidadzazidwa ndi dothi, khomo nkutsekedwa ndi miyala ikuluikulu. Pamene Stuart Piggott ndi Richard Atkinson ankafukula malowa mu 1955 ndi 1956, adapeza makobidi 6 amkuwa a Chiroma chapafupi ndi khomo lotsekedwalo.

Taimani pang'ono pa makobidi amenewa. Aroma adalanda Britain m'chaka cha 43 A.D., pa ulamuliro wa Claudius, nakhalamo mpaka cha m'ma 410. Kuchokera pa tsiku limene maliro oyamba adalowa mu West Kennet kufika pa tsiku limene munthu uja adawerama nkusiya makobidi ake padapita zaka zosachepera 3,700. Kuchokera pa kubadwa kwa Khristu kufika pa ife pangopita zaka 2,000 ndi pang'ono. Ndiye kuti munthu wa makobidiyo ali pafupi kwambiri ndi inu ndi ine kusiyana ndi anthu amene adali kuseri kwa mwalawo. Tikamati "Aroma" tisaganize za asilikali ochokera ku Italy okhaokha. Ambiri mwa anthu a m'midzi imeneyi adali eni dziko amene adangotengera ndalama, ziwiya ndi chilankhulo cha owalamula. Nanga si makolo ao amene adali mumtumbiramo? Iyayi. Kafukufuku wa DNA ya m'mafupa amene adafalitsidwa mu 2018 adaonetsa kuti kuyambira cha m'ma 2450 B.C. ku Britain kudafika anthu ena ochokera kutsidya la nyanja, ndipo m'zaka mazana ochepa magawo pafupifupi 9 mwa 10 a magazi a anthu a pachilumbapo adasanduka a obwerawo. Omanga West Kennet adatha ngati moto wa mapesi. Wosiya makobidi uja sadali mdzukulu wao, sankadziwa dzina lao, chilankhulo chao ngakhale milungu yao.

Sikuti zidachitika pamalo amodzi okha. Ku Newgrange, m'dziko la Ireland limene Aroma sadalilamulepo nkomwe, pakhomo pa manda a cha m'ma 3200 B.C. padapezeka ndalama za Chiroma, zina zagolide, pamodzi ndi mphete ndi mikanda yagolide. Ndalamazo nza mafumu osiyanasiyana, kuyambira Domitian mpaka Arcadius, kusonyeza kuti si thumba la munthu mmodzi limene lidabooka. Ku Petit Mont, pagombe la Brittany m'dziko la France, anthu a nthawi ya Aroma ankasiya timafano tadothi loyera ta Venus pa mulu wa miyala wa manda akalekale. Munthu sataya golide mwangozi pakhomo lomwelomwelo kwa zaka 300.

Nditamuwerengera zonsezi mnzanga uja ndinkayesa kuti ndapambana. Koma ine ndemwe ndidadzitchera msampha, chifukwa ndidapitiriza kuwerenga. Ku Uley, m'dera la Gloucestershire, ofukula mtumbira wotchedwa Hetty Pegler's Tump mu 1821 adapeza chapamwamba pake mafupa a munthu amene adaikidwa ndi makobidi a ana a Constantine. Apa sitikunenanso za mphatso. Anthu adanyamula maliro ao nkukawalowetsa m'manda a eni ake. Ku Overton Hill, m'mbali mwa msewu womwe uja wa ku Silbury, kuli mitumbira ikuluikulu yozungulira ya anthu a nyengo ya mkuwa. Pambali pake pali timitumbira 3 tating'ono timene titafukulidwa mu 1962 tidapezeka kuti nta nthawi ya Aroma, tomangidwa motsanzira akuluakuluwo. Pambuyo pake kudabwera mtundu wa Anglo-Saxon, naonso nkulowetsa akufa ao m'timitumbira ta Aromato.

Wa malamulo uja adalumpha pabedi. "Mwaonatu! Umenewo si ulemu, ndi chikalata cha malo." Ndipo aliyense wa ife amene adakhalapo pabwalo la mfumu pa mlandu wa munda akudziwa chimene ankatanthauza. Mboni zikasemphana, wina amaloza kumsitu nkunena kuti, "Agogo anga agona apo." Manda amalankhula mokweza kuposa pepala. Mwini munda wa nthawi ya Aroma amene adaika bambo wake pamwamba pa chitunda choonekera dera lonse ankauza aliyense wodutsa pamsewu kuti banja lake nlakale ngati chitundacho. Ankabwereka ukalamba wa anthu ena, ndipo obwerekedwawo sakadatha kukana.

Malamulo a Aroma eni ake ali ndi kachinyengo kofananako. Katswiri wao wa malamulo, Gaius, amene adalemba cha m'ma 160 A.D., adaphunzitsa kuti malo amasanduka opatulika pamene munthu waika wakufa m'nthaka yakeyake, ndipo malo otere sagulitsidwa ngati munda wamba. Koma adawonjeza kuti nthaka ya m'maiko ogonjetsedwa mwini wake ndi mtundu wa Aroma kapena Kaisara, kotero kuti ambiri ankaona kuti manda a kumeneko sali opatulika kwenikweni, amangotengedwa ngati opatulika. Mwamva kodi? Kupatulika kwa manda kunkadalira mwini nthaka, ndipo mwini nthaka adali wa lupanga. Pamene padali phindu, ngakhale "ngati" ameneyo ankaiwalika. Mzinda wa Corinth, womwe uja Paulo adaulembera makalata, Aroma adaugwetsa mu 146 B.C., ndipo Julius Caesar adatumizako anthu okaumanganso mu 44 B.C. Strabo akusimba kuti obwerawo adagwira ntchito yofukula manda akale, nkumatumiza miphika ndi ziwiya zamkuwa kukagulitsa ku Roma, mpaka katunduyo adapatsidwa dzina lakelake pamsika. Choncho ndisakunamizeni kuti Aroma adali mtundu woopa akufa. Mwa iwo mudali olambalala, opereka nsembe, obwereka ndi akuba, monga momwe ziliri pakati pa ife.

Komabe makobidi 6 aja sakundichoka m'mutu. Amene adawasiya sadalembepo dzina, sadaikepo maliro ake, sadamangepo chipilala. Palibe bwalo la milandu limene akadapitako nkunena kuti malo ndi ake chifukwa adakwirira timakobidi m'dothi. Mnzanga akuti adali mantha chabe, kapena malonda: ndikupatsa khobidi, iwe undichiritsire ng'ombe. Mwina nzoona. Koma ngakhale mantha ali ndi chimene amavomereza. Sungaope munthu amene ukuti kulibe. Woperekayo adavomera zinthu ziwiri zimene mnzangayu akukana: kuti m'dothimo muli wina, ndi kuti winayo adayamba kufika.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi achimwene angawa. Iwo akuti mangawa athu kwa akufa amachokera pa chibale ndi pa chikumbukiro. Chabwino. Ndikufunseni inu amene mukuwerenga: ndani mwa inu angatchule dzina la agogo ao a agogo ake? Ine ndimafika pa amai ao a agogo anga, kupitirira apo ndi mdima. Ngati ulemu wa manda umathera pamene chikumbukiro chathera, ndiye kuti aliyense wa ife ali ndi ulemu wa zaka ngati 100, kenaka khasu. Ndiye kutinso ulemuwo sudali wa wakufayo ndi kale lomwe. Udali wa olira, wowatonthoza iwo basi. Komatu pamaliro sitimva choncho. Adzukulu akamakumba mosamala, amai akamasambitsa mtembo mwaulemu kuchipinda kumene palibe wowaona, sachitira anamfedwa okha. Amachitira iye wagonayo. Ndipo ngati chinthu nchake, chingasiye bwanji kukhala chake chifukwa chakuti ife tadwala matenda oiwala? Ngongole siitha poti wokongola waiwala dzina la mwini ndalama.

Palinso china chimene ndidachiona nditayang'anitsitsa kukula kwa mitumbirayi. Achibale safuna mulu wa mamita 100 kuti adziwe pamene mbale wao wagona. Kwathu kamtumbira kakang'ono ndi mtengo umodzi zimakwana, poti aliyense pamudzi akudziwa. Anthu amene amasenza dothi ndi miyala miyezi ndi miyezi, kumanga chinthu choti mvula ya zaka zikwi isachikokolole, akulankhula ndi munthu amene sadzawadziwa. Mtumbira waukulu ndi uthenga wopita kwa mlendo. Tsono mlendoyo adafika patapita zaka zoposa 3,000, sadamve mawu ake, koma adazindikira kuti akulankhulidwa, nayankha ndi chimene adali nacho m'thumba. Ine yankho lotere ndikuliyesa lokwanira, ndipo munthu wa makobidi uja ndikumuika pamwamba pa wobwereka manda wa ku Uley, amene adamva uthengawo nkuusandutsa wake.

Mwina mukuti mnyamatayu akulankhula zokoma poti nkhani nja ku Ulaya ndipo siimudyera kanthu. Imandidyera. Kwathu ku Dowa, m'munda wa atsibweni anga mudali kamsitu kakang'ono pakati penipeni, kokhala ndi timitumbira tophwaphwatika tosaoneka bwino. Sadali manda a mtundu wathu. Makolo athu adawapeza pobwera, ndipo pabwinjapo padalibe wotsala woti afunsidwe. Mizere ya chimanga inkafika pamenepo nkukhota, monga msewu wa ku Silbury. Agogo anga aakazi, ngakhale adali a mpingo, ankati akamadutsa ndi ufa wochokera kuchigayo amatapako pang'ono nkuwaza m'mphepete. Ndili mwana ndidawafunsa kuti akupatsa yani. Adati, "Eni ake, mwana iwe." Ndidati, "Ndani?" Iwo adati, "Ukafika pakhomo pa munthu umayamba wafunsa dzina kuti uodire?"

Agogo atamwalira, banja litakula ndipo munda utagawidwa kanayi, atsibweni adadula kamsituko nkubzalapo fodya. Sadachite mwachipongwe. Adagona osatseka maso masiku angapo, ndipo ndidawamva akuuza amai kuti, "Mlongo wanga, akufa sadya, koma ana awa akudya." Nthakayo idali yachonde, poti idapuma zaka zosawerengeka. Fodya wa chaka chimenecho ndi amene adandilipirira fizi ya Fomu 3 ndi Fomu 4. Popanda iyeyo sindikadakhala pano kulemba za Gaius. Motero mnzanga akamati olira akatha chotsala ndi dothi, akunena za dothi limene ine ndidadya.

Sindingawaweruze atsibweni. Dziko lonse lapansi ndi manda, ndipo tikati tilambalale paliponse pamene padagona munthu tidzasowa polima. Ngakhale kuno kwathu nthaka idasunga anthu amene sali makolo athu. Mafupa a kuphiri la Hora ku Mzimba, a ku Fingira pa Nyika ndi a ku Chencherere ku Dedza atayezedwa mu 2017, adaonetsa mtundu wa alenje umene udakhala kuno zaka zikwizikwi, koma magazi ake sadapezeke mwa Amalawi a lero amene adayezedwa. Tonsefe tikulima pa West Kennet wathu. Chimene ndikukana nchakuti kusowa kwa malo kumafafaniza mangawa. Munthu amene walephera kubweza ngongole chifukwa cha njala ndi wosiyana ndi amene akuti ngongoleyo kudalibe. Atsibweni adasowa tulo, ndipo kusowa tuloko ndikukuwerengera ngati khobidi lao.

Amene akundivuta kwambiri ndi anthu a mtundu wanga, ife ophunzira. M'zaka za m'ma 1600 dokotala wina wa ku Marlborough, dzina lake Toope, ankafukula mafupa a anthu m'dera lomweli la West Kennet nkumapangira mankhwala odwala ake. Timamuseka lero. Koma dzenje lija la 1776 silidakwiriridwe bwino, ndipo m'chaka cha 2000 pamwamba pa Silbury padagumuka chifukwa cha ilo. Chitunda chimene chidapirira zaka 4,000, chimene ngakhale msewu wa Kaisara udachipatsa njira, chidavulazidwa ndi anthu ofuna kudziwa. Ku Petit Mont, kumene anthu a nthawi ya Aroma ankasiya timafano, asilikali a Germany adamangamo linga la simenti mu 1943, m'kati mwenimweni mwa mandawo. Amenewo tingati idali nkhondo. Nanga ife? Zonse zimene ndakusimbirani m'nkhani ino, chiwerengero cha akufa, zaka zao, magazi ao, ndazidziwa chifukwa wina adachotsa mwala pakhomo, natulutsa mafupa, nawapala, nawasunga m'mabokosi olembedwa manambala. Munthu wa makobidi sankadziwa kanthu za akufawo ndipo adawasiya ali gone. Ine ndikudziwa zambiri za iwo, ndipo m'tizipinda tao muli mbee, alendo amalowamo ndi kujambula zithunzi. Ngakhale makobidi 6 aja ofukula adawatola.

Sindikunena kuti kufukula kuleke. Ndikadanena choncho ndikadakhala wonyenga, poti maphunziro amenewa ndimawakonda ndipo ndikufuna kuwapitiriza. Anthu a ku Hora akadakhala osadziwika mpaka muyaya pakadapanda ofukula, ndipo kutchulidwanso pakati pa amoyo nako ndi mphatso. Koma wofukula azilowa monga adalowera atsibweni, mtima uli m'mwamba, akudziwa kuti akutenga chinthu cha mwini.

Dzulo usiku, nditamuwerengera zimene ndalembazi, mnzanga uja adakhala chete kanthawi. Kenaka adati, "Tsono achimwene, fizi ija mukabweza kwa yani?" Ndidamuuza kuti tchuthi chikubwerachi ndikapita kumunda kuja. Chitsa chimodzi cha mtengo wa muwanga chidakana kuzuka, ndipo atsibweni amachilambalala ndi khasu mpaka lero. Iye adafunsa ngati ndikatenge ufa kapena khobidi, nazimitsa nyale ndisanayankhe.